Za Mphini, Matatuu ndi Mwini Wake wa Thupi

Aliyense amene wakhalapo masiku angapo pa Boma la Mchinji, pomwe msewu waukulu wochokera ku Lilongwe umapumira pang'ono usanapitirire kunka kumalire a Mwami ndi ku Chipata, adziwa kuti malo ano salandira katundu yekha, koma alandiranso mavalidwe, mayankhulidwe ndi makhalidwe a anthu akutali, zimene zimatsika m'mabasi ndi m'malole pamodzi ndi matumba a feteleza ndi mabelo a kaunjika. Mwa zonse zimene zafika m'zaka zino, chilipo chimodzi chimene chasautsa mitima ya makolo ndi akulu a mipingo koposa zinzake, ndicho chizolowezi cha anyamata ndi atsikana cholembetsa zithunzi ndi maina pakhungu lawo ndi singano ndi inki yosafufutika, zimene eni ake amazitcha matatuu. Pakuti mnyamata wa kabaza akapinda malaya, pamkono pake paoneka mtanda, kapena mkango, kapena dzina la mayi ake. Mtsikana wogulitsa m'sitolo ali ndi kaduwa pakhosi. Ndipo akuluakulu powaona amapukusa mitu nanena kuti dziko latha, ena nawonjeza kuti zimenezi nzasataniki, chizindikiro cha chilombo chija cha m'buku la Chivumbulutso. Tsono funso limene ndifuna kuti tilisinkhesinkhe mofatsa ndi ili: kodi munthu wolembetsa thupi lake wachimwira Mulungu, nanga iye amene amadyera ntchito imeneyi, dzanja lake nloyera kapena nlodetsedwa?

Tisanakhale pabwalo kuti tiweruze ana athu, nkoyenera tiyambe takumbukira nkhope za agogo athu, pakuti mlandu uwu sunabadwe dzulo, ndipo singano ya magetsi yapeza khungu la Mchewa litadziwana kale ndi lumo. Masiku amakedzana, mtsikana akamayandikira kutha msinkhu, kapena atangotuluka m'tsimba la chinamwali, amayi odziwa ntchitoyi ankamukhazika pamphasa kuseri kwa nyumba, natukula khungu ndi munga, nalicheka pang'ono ndi lumo, natikitamo makala opera pamodzi ndi mafuta a nsatsi, kotero kuti bala likapola linkasiya kachipsera kotukuka, kakuda bii, kondondozana ndi tinzake m'mizere yokonzeka bwino. Zimenezi ndizo mphini, ndipo sizinkatha tsiku limodzi, chifukwa ululu wake sunali wamasewera. Lero ankatema pamasaya, mabala akapola nkubweranso kudzatema pachifuwa, pambuyo pake pamimba ndi m'ntchafu. Zina zinali zoti aliyense azione, kuti mlendo wokumana naye pachitsime adziwe kuti uyu ndi mwana wa anthu, wolangidwa, wa mtundu wakutiwakuti. Zina zinali zobisika pansi pa nsalu pamodzi ndi mikanda ya m'chiuno, ndipo za izo ulemu sundilola kunena zambiri, koma kungoti zinali chuma cha m'banja chimene mwamuna mmodzi yekha ankachidziwa.

Agogo anga aakazi, obala mayi anga, anali nazo mphini zotere, timizere tifupitifupi totsika kuchokera m'mbali mwa maso kulinga kumasaya, ndi zina zambiri pachifuwa zimene tinkaziona m'mawa akamasukusula, nsalu atamanga m'khwapa. Pamene ine ndinkawadziwa khungu linali litachita makwinya, mizereyo itasiya kuwongoka, ndipo ife ana tinkakonda kuiwerenga ndi chala tili pamiyendo pawo, iwo akuseka ndi kutiuza kuti tsiku lowatema anagwidwa mikono ndi amayi awiri, koma msozi sunagwe. Agogo amenewa anabatizidwa ali aakulu kale, nalowa Chigwirizano cha amayi, nadya Mgonero wa Ambuye zaka makumi angapo ndi nkhope yomweyo yotemedwa. Ndipo sindinamvepo mbusa kapena mkulu wa mpingo akuwauza kuti ayambe achotsa mphini asanatambasule dzanja kulandira mkate. Madzi a ubatizo anatsikira pomwe panali zipsera, ndipo palibe anakayika kuti agwira ntchito yake.

Nawo Angoni, amene anawoloka Zambezi m'chaka cha 1835 motsogozedwa ndi Zwangendaba, ena mwa iwo nadzakhazikika m'dera lino ndi kutsidya kwa malire pansi pa Mpezeni, anali ndi chizindikiro chawochawo, ndicho kuboola makutu. Ndipo anthu ogwidwa pankhondo, akalandiridwa m'mudzi wa Chingoni, ankabooledwa kuti adziwike kuti tsopano ndi a kuno. Poyamba bowolo linali la kugonja, koma ana a ogwidwa aja anakula akuyenda nalo monyada, nakhala iwo omwe oboola anzawo. Nkhondo ya 1898 itathyola mphamvu ya Mpezeni, Boma lino nilitchedwa Fort Manning, dzina limene linakhala nalo kufikira dziko litalandira ufulu, nkhalamba za makutu oboola zinapitirira kuoneka m'midzi ya mafumu Zulu ndi Mlonyeni kwa mibadwo ingapo.

Mphini ndi makutu oboola zinayamba kuzilala pamene sukulu ndi mishoni zinafika. Amishoni a Dutch Reformed anamanga pa Mvera mu 1889 ndi pa Magwero, kufupi ndi Chipata, mu 1899. Ansembe a White Fathers anafika pa Kachebere, m'mphepete mwenimweni mwa malire, mu 1903. Ndipo mtsikana wophunzira kuwerenga, wovala diresi, woyembekeza kukwatiwa ndi mphunzitsi kapena kalaliki wa pa Boma, anayamba kuchita manyazi ndi nkhope yotemedwa, kufikira mwambowo unafa wokha popanda woulira. Sindinena kuti tiuukitse, pakuti lumo limodzi lotemera atsikana khumi likhoza kusesa mudzi ndi matenda masiku ano. Koma ndinena kuti chimene chinaupha kwenikweni sichinali ndime ya m'Malembo, koma diso la mlendo, limene ifenso tinabwereka nkuyamba kudziyang'anira. Akale anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo mawuwa atipeza kawiri: mlendo anatichotsera mphini, mlendo yemweyo watibweretsera zina, pakuti ana athu sanaphunzire matatuu kwa agogo awo, koma kwa osewera mpira a ku Ulaya ndi oimba a ku America amene amawaonera m'nyumba za kanema ndi pafoni, ndiponso kwa abale awo obwera kuchokera ku Johannesburg. Ichi chimandiwawa mumtima, kuti mwana wa ku Mchinji adziwa chithunzi chili pamkono wa Lionel Messi, koma sadziwa tanthauzo la mzere ndi umodzi womwe wa pankhope ya agogo ake.

Makina amene amisiri a lero amagwiritsa ntchito anayambira ku New York, kumene Samuel O'Reilly anawalembetsa kuboma mu 1891, atatengera nzeru pa cholembera cha magetsi cha Thomas Edison. Singano yake imalowa ndi kutuluka kambirimbiri m'kuphethira kwa diso, nipereka inki kupyola khungu lakunja, limene limasupuka masiku onse, kufikira khungu lachiwiri la pansi pake. Ndipo asilikali a m'thupi, pothamangira kudzameza chachilendocho, amalephera kuchigaya, nangokhala nacho pomwepo moyo wonse wa munthuyo. Koma chilakolako cholemba pathupi nchakale koposa makina onse. Mu 1991, m'mapiri ozizira a pakati pa Italy ndi Austria, munapezeka mtembo wa munthu amene anafa zaka zoposa 5,000 zapitazo, uli ndi zizindikiro 61 zotikitidwa zakuda, zambiri pamsana, m'mawondo ndi m'akakolo, malo omwewo amene sing'anga wakwathu amatema munthu wodwala nyamakazi.

Ndinakhalapo pambali pa mnyamata wina wogwira ntchitoyi m'kachipinda ka kuseri kwa malo ometera tsitsi, kufupi ndi msika, tsiku limene magetsi anayaka. Anayamba wameta ubweya wa pamkono wa mnzakeyo, napukutapo ndi spiriti, namatapo kapepala kojambulidwa kale kuti mizere itsalire pakhungu. Kenaka anavala magolovesi, nang'amba kapaketi ka singano pamaso pa mwini mkono, nathira inki m'kachivindikiro. Makina atayamba kulira, anakoka khungu ndi zala ziwiri zakumanzere kuti liwongoke, nayendetsa singano pang'onopang'ono, akupukuta timadontho ta magazi ndi inki yotsala pakutha pa mzere uliwonse, osayankhula, osaseka, thukuta lili pamphuno. Wolembedwayo analuma mano nayang'ana kudenga. Chimene ankalembetsa linali dzina la mlongo wake amene anamwalira pobereka, ndi chaka chake pansi. Atamaliza, mmisiriyo anakulunga balalo ndi pulasitiki yopyapyala, nalangiza kuti, “Achimwene, osakanda, osalowa nalo mumtsinje, osaliyanika padzuwa kufikira nkhanambo zitagwa zokha.” Ndinatuluka m'menemo ndikudziwa kuti zimene ndaona si masewera, koma munthu wolira maliro ndi wina womuthandiza kulira, ndipo apa mpamene funso la Malembo linandigwira zolimba, chifukwa m'Malembomo muli lamulo loletsa zimenezi limene limatchula za akufa.

Lamulolo lili m'buku la Levitiko, mutu 19, ndime 28, ndipo liletsa ana a Israyeli zinthu ziwiri pamodzi, kudzicheka thupi pofuna kulira akufa ndi kudzilemba zizindikiro pakhungu. Sindifuna kulipeputsa kapena kulilumpha monga achitira ena amene amatsegula Buku Lopatulika pofuna chilolezo chokha. Koma lamulo lililonse lili ndi chimene linadzera, ndipo safunsa anadya phula. Mitundu yozungulira Israyeli inkadzitema pamaliro ndi pamapemphero kuti magazi awo akondweretse mizimu ndi milungu, monga anachitira aneneri a Baala paphiri la Karimeli pamaso pa Eliya, pamene anafuula tsiku lonse nadzicheka, mulungu wawo ali duu. Chimene Mose anali kutchinga ndicho ichi, kuti anthu opatulidwa angapereke thupi lawo nsembe kwa akufa, kapena kunyamula pakhungu dzina la mbuye wina. Tsono ndifunsa za mnyamata uja: kodi anakhetsa magazi kuti mzimu wa mlongo wake ugone, kapena kuti uzimuperekeza panjira? Ngati ndi tero, lamulo lamupeza, ndipo ayenera kulapa. Koma ngati anangofuna kuti dzina la mwana wa mayi ake lisafafanizike msanga padziko, monga timachitira tonse polemba dzina pachiliza, pamenepo ine sindiupeza mwala woti ndimugende nawo.

Ndipo iye amene aumirira kuti chilembo cha lamulo chigwire monga chilili, ayenera kuwerenga mutu wonsewo, osati ndime imodzi yokha. Ndime yoyandikana nayo iletsa kumeta tsitsi la m'mbali mwa mutu ndi kudula nsonga za ndevu. Ndime 19 iletsa kusakaniza mbewu m'munda umodzi ndi kuvala nsalu ya ulusi wamitundu iwiri. Nanga ndani mwa ife, kuyambira kwa Mkanda kufikira kwa Mavwere, amene sanabzalepo nyemba ndi maungu pakati pa chimanga? Atumwi atasonkhana ku Yerusalemu kuti apangane za katundu woyenera kusenzetsa anthu a mitundu ina, monga tiwerenga pa Machitidwe 15, anatchula zinthu zinayi zokha, ndipo za zolemba pakhungu sanazikhudze. Komatu m'mutu womwewo wa Levitiko muli malamulo ena amene sanakalambe ndipo sadzakalamba: kuti bwana asagonetse malipiro a wantchito, kuti sikelo ndi miyeso zikhale zoona, kuti munthu akonde mnansi wake. M'boma lino la fodya, mtedza ndi soya, kumene tenanti akhoza kulima chaka chathunthu nkutuluka ndi ngongole, ndi kumene mlimi amayang'ana sikelo ya venda mtima uli m'mwamba, ndikadakondwa kumva maulaliki khumi a ndime 13 ndi 36 pa ulaliki umodzi uliwonse wa ndime 28.

Tikayenda m'Malembo onse tipeza kuti Mulungu sanyansidwa ndi chizindikiro cha pathupi pachokha, pakuti Iye mwini anaika chizindikiro pa Kaini, chosati chomutemberera koma chomutchinjiriza kwa ofuna kumupha; anapatsa Abrahamu pangano lodulidwa m'thupi; analamula kuti kapolo wokonda mbuye wake, wokana kumasulidwa chaka chachisanu ndi chiwiri, abooledwe khutu pachitseko, chinthu chimene Mngoni aliyense wakale akadachimva popanda womasulira. Mneneri Ezekieli anaona anthu olira chifukwa cha zoipa za mzinda akulembedwa pamphumi kuti apulumuke; Yesaya, pofuna kutonthoza Ziyoni amene ankadziyesa woiwalika, anamuuza kuti Mulungu wamulemba m'zikhato; Paulo anatseka pakamwa omutsutsa a ku Galatiya powakumbutsa zipsera za zikoti ndi miyala zimene anazilandira chifukwa cha Yesu. Ndipo Ambuye mwini, atauka kwa akufa ndi thupi la ulemerero limene zitseko zotseka sizinalitchinge, sanafafanize mabala a misomali ndi nthungo, koma anawasunga, ndipo Tomasi anamuzindikira ndi mabala omwewo. Sindikuti ndime izi zilamula munthu kukalembetsa. Ndikuti zitiletsa kuphunzitsa kuti khungu losalala ndilo chiyero.

Nanga chizindikiro cha chilombo? Wowerenga Chivumbulutso 13 modekha aona kuti kuipa kwa chizindikirocho kuli m'kugwada, pakuti ndi chidindo cha umwini, choikidwa pa iwo amene avomera kuti chilombo ndicho mbuye wawo kuti aloledwe kugula ndi kugulitsa. Ndipo m'mutu wotsatira anthu a Mwanawankhosa nawonso ali ndi dzina pamphumi pawo. Apa mpamene pagona nkhani yonse, kuti chizindikiro chilichonse cha pathupi chimayankha funso lakuti, munthu uyu ngwa yani? Aroma ankadinda akapolo othawa ndi akaidi pankhope, kufikira mfumu Constantine analetsa kuipitsa nkhope ya woweruzidwa, chifukwa mwa iyo muli chifaniziro cha kumwamba; ku Auschwitz, m'nkhondo ya 1939 mpaka 1945, Ayuda ndi akaidi ena analembedwa manambala pamkono kuti maina awo aiwalike; m'ndende za ku South Africa magulu a 26, 27 ndi 28 amalemba anthu awo kuti asadzathe kuwakana. Izi nzizindikiro za ukapolo, ndipo nzonyansa. Koma Akhristu a ku Egypt, a mpingo wa Coptic, akhala akulemba kamtanda pamkono pa ana awo, pafupi ndi chikhato, kwa zaka mazanamazana, m'dziko limene kamtandako kakhoza kumutayitsa munthu mtendere ngakhale moyo umene. Ndipo ku Ethiopia aliko amayi akumidzi amene ali ndi mtanda pamphumi. Kodi tidzaimirira paguwa ku Mchinji ndi kunena kuti abale awa, amene ena mwa iwo anafera chikhulupiriro, anyamula chizindikiro cha chilombo?

Kufikira pano ndakhala ngati nkhoswe ya achinyamata, koma tsopano ndiyenera kuwatembenukira, pakuti alipo mawu amene amakonda kuyankha nawo makolo, ndipo mawuwo ine ndiwakana. Amati, “Thupi ndi langa, ndichita nalo chimene ndifuna.” Mwana wanga, thupilo sunaliumbe ndiwe, sunaligule, ndipo sudzalinyamula wekha kunka nalo kumanda. Linakhala miyezi isanu ndi inayi m'mimba mwa mayi ako, linasambitsidwa ndi agogo ako, atsibweni ako analithamangitsira kuchipatala usiku panjinga, ndipo tsiku lomaliza lidzaikidwa ndi adzukulu amene sudzatha kuwathokoza. Makolo athu ankachidziwa ichi, nchifukwa chake mphini sizinkatemedwa mobisa kapena mwa nzeru za mtsikana yekha, koma mbumba inkadziwa, ndipo mizereyo inkanena kuti ine ndine wa anthu awa. Paulo polembera Akorinto anapitirira pamenepo, nawakumbutsa kuti Mzimu akhala m'matupi awo ndi kuti iwo anaomboledwa ndi wina. Ndipo ngakhale pamalopo anali kunena za dama, osati za inki, muzu wa mawu akewo ufika ndi kuno komwe, wakuti Mkhristu ndi mdindo wa thupi lake, si mwini wake ayi. Mdindo akhoza kupaka laimu nyumba ya mbuye wake, akhozanso kulemba pakhoma, koma alembe chimene sadzachita nacho manyazi tsiku limene mwini nyumba adzabwere kudzayendera.

Chilipo chinanso chimene unyamata suchiona msanga, ndicho kutalika kwa moyo. Tatuu ndi chowinda cholembedwa pamalo pomwe sichingabwezedwe, ndipo Mlaliki anachenjeza kalekale za kufulumira powinda. Mnyamata wa zaka 19 amene lero alembetsa dzina la bwenzi lake pachifuwa sadziwa kuti adzakwatira yani. Wolembetsa mfuti kapena tsamba la chamba pakhosi sadziwa kuti tsiku lina adzagwada pamaso pa apongozi, kapena kuima pamaso pa olemba ntchito, kapena pa ana a Sande sukulu. Madzi akatayika saoleka. Kuchotsa kulipo, ndi makina a laser amene amaphwanya inki m'timagawo ting'onoting'ono, koma kumafuna maulendo ambiri ndi ndalama zoposa kutali zimene munthu analipira polembetsa, ndipo pakhungu lakuda ngati lathu kukhoza kusiya mawanga otuwa. Amene amayesa kuchotsa okha ndi asidi wa batire kapena ndi chitsulo chamoto amatsala ndi chipsera choipa koposa chithunzicho. Ndiponso alipo ambiri pakati pathu amene khungu lawo likavulala limachita chotupa cholimba chosaphwa, ndipo munthu wotere singano ayenera kuitalikira. Abale athu Achisilamu, amene aphunzitsi awo ambiri amaletsa zolemba zosafufutika koma nalola hina amene amatha yekha pakapita masabata, ali nayo nzeru pamenepa imene ngakhale wosatsata chiphunzitso chawo angathe kuisinkhasinkha.

Koma ife akulu tisanakweze mawu, tiyambe tavula malaya athu. Ambiri a ife tili ndi mphini zimene sitizionetsa, za m'mbali mwa mutu zimene anatitema tili ana podwala litsipa, za pachifuwa, za pamsana. Za matenda sindiziweruza pano, pakuti mayi wothedwa nzeru, chipatala chili kutali, anachita chimene ankadziwa. Koma zilipo zina, zotemedwa usiku kwa sing'anga, munthu ali wamkulu ndi wobatizidwa, zokhwimira, kuti malonda ayende, kuti mfiti zisalowe pakhomo, kuti bwana amukonde, kuti mpando usamuchoke. Ndipo izi, zimene zimabisala pansi pa jekete ndi tayi Lamulungu m'mawa, ndizo zimene Levitiko anazilozadi chala, chifukwa ndizo zimanena kuti chitetezo changa chichokera kwina. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nchosalungama kuti munthu wa mphini zotere akhale pampando wa bwalo la mpingo ndi kudula mnyamata amene mlandu wake wonse ndi dzina la mayi ake pamkono, loonekera poyera, lopanda mankhwala.

Tsopano tinene za mmisiri mwini wake. Luso la manja nlochokera kwa Mulungu, pakuti Bezaleli anapatsidwa Mzimu kuti azokote ndi kukongoletsa za m'chihema. Koma luso lomwelo analinso nalo Demetriyo wa ku Efeso, wosula tiakachisi tasiliva ta Artemi, amene anautsa chipolowe poopa kuti malonda ake adzafa. Chosiyanitsa awiriwa ndicho chimene dzanja lawo linatumikira. M'dziko lino, momwe achinyamata ambiri amamaliza Fomu 4 nangokhala pakhomo, sindingamunyoze mnyamata wodziwa kujambula amene wapeza njira yodyera thukuta lake popanda kuba. Komatu adziwe kuti ntchito yake siifanana ndi ya wometa, pakuti tsitsi limamera, kapena ndi ya telala, pakuti malaya olakwika amaphwasulidwa nkusokedwanso. Iye m'dzanja lake muli magazi a munthu ndi zaka zonse zimene zamutsalira.

Mlandu woyamba umene adzayankhe ndi wa magaziwo. Kachilombo ka HIV, ndi makamaka matenda a chiwindi a hepatitis B ndi C, zimayenda pasingano yogwiritsidwa ntchito kawiri, ndipo kachilombo ka hepatitis B kamakhalabe ndi moyo sabata yathunthu m'magazi ouma. Kupukuta singano ndi spiriti kapena kuiwaula pakandulo sikukwanira, ndipo inki yotsala m'kachivindikiro ikabwezeredwa m'botolo imadetsa botolo lonse. Alipo ena amene amalumikiza kamota ka wailesi, chubu cha bolopeni ndi singano yosokera, nathira inki ya cholembera, nalemba anthu asanu mondondozana popanda kusintha kanthu, pofuna kupulumutsa makwacha ochepa. Anthu otere lamulo lowatsutsa si la pa Levitiko, koma lija la paphiri la Sinai loletsa kupha. Chifukwa chake ndipempha azaumoyo a khonsolo, amene amayendera malo ophera nyama ndi malo odyera, kuti aziyenderanso timzipinda iti ndi kuphunzitsa eni ake, pakuti ntchito yothamangitsidwa siitha, imangolowa kumdima kumene palibe woiona.

Mlandu wachiwiri ndi wa kukana, ndipo uwu ndiwo wovuta, chifukwa umadya m'thumba. Amayi akale otema mphini sankatema aliyense wobwera ndi nkhuku. Ankamudziwa mtsikanayo, msinkhu wake ndi mayi ake, ndipo nthawi ikakhala isanakwane ankamubweza. Mmisiri wa lero, ngati afuna kuti timuwerengere pamodzi ndi iwo, alowe m'malo mwawo ndi pamenepanso. Asalembe mwana wosafika zaka 18, amene ngakhale malamulo a dziko lino, kuyambira 2017, amamuyesa mwana; asalembe munthu woledzera, kapena wobwera ndi mkwiyo wa chibwenzi chotha dzulo; wofuna dzina la bwenzi, kapena chithunzi pankhope ndi pakhosi, amuuze apite kwawo akagone nalo ganizolo sabata imodzi, akafunsenso mayi ake kapena atsibweni ake; wobwera ndi kanthu ka kwa sing'anga koti asakanize mu inki, amukanize ndithu. Mnyamata wogwira ntchito yake motere, ngati ndi Mkhristu, ine sindiona chifukwa chomuletsera Mgonero kapena chokanira chopereka chake. Ndipo mkulu wa mpingo wa dera lakelo, m'malo motumiza kalata yomuitanira kubwalo, apite yekha kukachipindako tsiku la ntchito, akakhale pabenchi, akaone ngati singano zili m'mapaketi, akafunse zaka za amene akudikira, ndipo akapezapo mwana wasukulu atapinda yunifolomu, amugwire padzanja apite naye kwa makolo ake.